Anamutcha Wakuba pa Tsamba Lake Lomwe

Lolemba m'mawa, Mayi Maloko anatsegula foni n'kupeza kuti munthu wina walemba ndemanga pa webusaiti yake ya zikwama. Inali ndemanga yoyamba m'miyezi inayi yathunthu. Anaganiza kuti wogula wafika. Koma mawu ake anali awa: "Samalani anthuni. Awa ndi akuba. Zithunzizi si zawo."

Anakhala pampando wa makina osokera foni ili m'manja. Pakhoma panali zikwama makumi anayi za nsalu yolimba ya lona zili lendelende, zikungotola fumbi. Pa intaneti anali asanagulitseko n'chimodzi chomwe.

Asanameze n'komwe malovu, mlamu wake anagogoda. Kachipinda kosokeramoko kanali kuseri kwa shopu ya mlamuyo ya zipangizo zomangira. Anamupatsa mayiyu kwaulere mwamuna wake atamwalira, kuti apeze polerera ana.

"Alamu, musandimve molakwa," anatero bamboyo akukanda kumutu. "Simenti ikubwera pakutha pa mwezi uno ndipo ndilibe poika. Zikwama zikanakhala kuti zikutuluka, ndikanafunafuna kwina. Koma chipinda chikungosunga katundu wosayenda."

Kunyumba kwa mayiyu kunalibe malo oika makina, ngakhale tebulo lodulirapo. Kutaya chipindacho kunali kutaya ntchito yonse, ndipo kunatsala masabata atatu okha.

Inu amene mukugulitsa malonda pa intaneti ndipo zinthu zakukanikani, khalani pansi mumve, chifukwa mwina matenda a mayiyu ndi anu omwe.

Dzina loti Maloko sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anzake a mumsewuwo, chifukwa pachitseko pake pankalendewera maloko atatu, ndipo ngakhale dilowa ya masizasi inali ndi kaloko kake. Ankati akapita kukamwa madzi pampopi, ankakhoma kaye. Musamuseke kwambiri. Zaka zingapo m'mbuyomo anaphunzitsa mayi wina kusoka, n'kumuonetsa kadulidwe kake konse ka matumba am'kati mwa chikwama. Wophunzirayo atadziwa ntchito, anakatsegula yake msewu wachiwiri, n'kumukokera makasitomala onse. Kuyambira tsiku limenelo, Mayi Maloko ankaona wakuba pankhope ya munthu aliyense.

Ndiye popanga webusaiti, anatengera maloko ake komweko. Zithunzi za zikwama zake anakana kuika, poopa kuti anthu amubera kasokedwe. Anangotola pa intaneti zithunzi za zikwama zofananako, zowala ngati zosagwidwapo ndi munthu. Mtengo sanalembe, kuti opikisana naye asamutsitsire. Anangoti, "Mtengo tikambirane pambali." Dzina lake, nkhope yake, nambala ya foni ndi komwe amasokera, zonse anabisa. Bambo amene anamupangira tsambalo anayesa kumulangiza, koma mayiyu anamuyang'ana ndi diso lofunsa kuti, kodi wakutuma ndani?

Wina akalemba uthenga wofunsa kukula kwa chikwama, yankho linkabwera patapita masiku atatu, nalonso lofunsa: "Mukufuna kugula kapena mukungofufuza?"

Tsono ndemanga ija itafika, iye sanadzifunse kuti walakwitsa pati. Anayamba kusaka mfiti. Poyamba anaganizira wophunzira wake uja. Kenako anaganizira wopanga tsamba, kuti mwina akufuna amulipirenso. Pofika Lachitatu anali atafika pa mlamu wake yemwe. Kodi si zodabwitsa kuti ndemanga ndi nkhani ya simenti zafika m'mawa umodzi? Mlamuyo akasiya foni pakauntala, mayiyu ankadutsa pafupi mwadala, khosi litatalika.

Lachinayi lamba wa makina ake anaduka. M'mashopu apafupi munalibe wa saizi yake, choncho anayamba kufunafuna pa intaneti. Mlamu wake anali pakhomo akusankhula misomali m'mabokosi, ndipo ankamva zonse, poti mayiyu anali ndi chizolowezi cholankhula yekha.

"Uyu ayi. Chithunzi chayera mopitirira, wachitola penapake. Uyu akuti mtengo tikambirane pambali. Pambali chifukwa chiyani? Akufuna ayambe wandiyeza ngati ndine wopusa. Uyunso alibe dzina, alibe nambala, sakunena komwe ali. Ndalama zanga nditumizire mzukwa?"

Mlamuyo anasiya misomali n'kusuzumira m'chipindamo.

"Alamu, pamenepo mukuwerenga tsamba la ndani? La eniake kapena lanu?"

Mayi Maloko anapsa mtima, n'kutseka chitseko. Koma mawuwo anali atalowa kale. Anatsegula tsamba lake n'kuliyang'ana ngati mlendo amene wagwira ndalama zake m'manja. Chithunzi chotola, mtengo wobisika, mwini wake wosaoneka. Chilichonse chimene anakanira anthu a malamba aja chinali pomwepo. Manyazi anamugwira, chifukwa anazindikira kuti iye mwini sakanagula kwa iye mwini.

Mawa lake anabwereka lamba wakale kwa telala wina, n'kupita kwa wopanga tsamba uja. Bamboyo ataona ndemangayo anati, "Iyi ndiichotsa pompano, mayi. Ndi kungodina kamodzi."

"Isiyeni," anatero mayiyu. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndiyankha pomwepo, aliyense aone."

Analemba kuti: "Mwanena zoona, zithunzizo sizinali zanga. Ndinkaopa kuberedwa kasokedwe. Koma zikwama zilipo ndipo ndimasoka ndekha. Bwerani mudzazione ndi maso musanalipire kalikonse."

Kenako inayamba ntchito imene inamuwawa kuposa kubayidwa ndi singano. Anayala pepala loyera patebulo pafupi ndi zenera, n'kujambula zikwama zake kuwala kwa m'mawa kusanakule. Anajambula kutsogolo, kumbuyo, pansi, zipi, ndiponso matumba am'kati aja amene ankawabisa ngati mankhwala. Pansi pa chikwama chilichonse analemba mtengo poyera. Kukula kwake sanangolemba manambala okha, anawonjezera kuti, "Mumalowa laputopu, mabuku awiri ndi botolo la madzi." Anaikanso chithunzi chake ali pamakina, tepi ili m'khosi, nkhope ili gwa ngati ya pa chiphaso. Kumwetulira kunamukanika, koma nambala ya foni ndi malo anaika.

Wopanga tsambayo anachepetsa kulemera kwa zithunzizo kuti zizitseguka msanga ngakhale pafoni ya bandulo yochepa. Anachotsa kanyimbo kamene kankayamba kulira munthu akangolowa. Mabatani asanu ndi awiri amene anali mbwee anawachotsa, n'kusiya limodzi lokha, lolembedwa kuti "Itanitsani chikwama ichi."

Musaganize kuti kumwamba kunatseguka tsiku lomwelo. Sabata yathunthu inatha kuli zii. Anthu awiri anafunsa mafunso osagula, ndipo mayiyu anawayankha tsiku lomwelo, mwaulemu, akudziluma lilime kuti asafunse amene wawatuma. Tsiku lililonse ankaika chithunzi chimodzi chatsopano cha ntchito ya tsikulo. Tsiku lililonse ankaonanso mlamu wake akuyeza chipindacho ndi maso.

Kutatsala masiku khumi kuti mwezi uthe, mayi wina wovala nsapato zoyera anaima kutsidya kwa msewu. Anayang'ana foni, n'kuyang'ana chitseko, n'kuyang'ananso foni. Pambali pake panali bambo wamtali atapinda manja pachifuwa. Mayi Maloko anawaonera pazenera, ndipo mwachangu anabisa mapepala a kadulidwe pansi pa tebulo. Mumtima anati akazitape afika.

Mayi wa nsapato zoyera uja anawoloka yekha, n'kuima pakhomo osalowa.

"Ndinu amene muli pachithunzi?"

"Ndine. Inu ndinu ndani?"

"Ndine namwino, ndimayendera odwala m'makomo. Ndemanga ija ndinalemba ndine. Awo ndi amuna anga, ndawauza kuti ndikapanda kutuluka pakatha mphindi khumi, abwere."

Mayi Maloko anafuna kukalipa, koma namwinoyo anapitiriza. Chaka chatha anatumiza ndalama kwa munthu wina wa pa intaneti amene anaika chithunzi chomwecho cha chikwama chofiirira. Chikwama sichinabwere, ndipo nambala inazima. Atachionanso chithunzicho pa tsamba la mayiyu, magazi anawira.

Amayi awiriwo anayang'anizana, aliyense atagwira kachikwama kake ka m'manja mwamphamvu. Onse anali olumidwapo, ndipo aliyense ankaona mano mwa mnzake.

"Lowani, mayi," anatero Mayi Maloko. "Malonda ndi m'maso. Sankhani chimene mukufuna kuchizunza."

Namwinoyo sanachite manyazi. Anatembenuza chikwama kunja kukhala m'kati, n'kuyendetsa chala m'misoko yonse. Zipi anaitsegula ndi kuitseka mpaka Mayi Maloko anasiya kuwerenga. Kenako anati zipangizo zake n'zolemera, ndipo zikwama zitatu zinamudukira malamba ali panjira yopita kwa wodwala.

Mayi Maloko anaitana mlamu wake. "Alamu, tabwerekeni mabokosi awiri a misomali, aakulu aja."

Anaika mabokosiwo m'chikwamamo n'kuchipachika pa mbedza ya pakhoma. Malamba anakungika, lona inalira pang'ono, koma ulusi sunasunthe. Namwinoyo anachikokanso pansi ndi manja awiri. Mayi Maloko anapempha kuti ajambule kanema wake, ndipo namwinoyo analola bola nkhope isaoneke. Ali m'kati mojambula, bambo wamtali uja anatulukira pakhomo ali wefuwefu, poti mphindi khumi zinali zitatha. Anapeza mkazi wake akulendewera pachikwama cha misomali.

"Ndigula chimodzi chokha," anatero namwinoyo. "Chikaduka, ndilembanso."

"Chikaduka mubwere nacho, ndikupatsani china. Mawu amenewa ndiwalemba pa tsamba lero lomwe, kuti mudzandigwire nawo."

Anawalembadi, ndipo kanema wa misomali anamuika pamwamba penipeni. Masiku anapita. Mayi Maloko ankatsegula foni ndi mantha, akudikira chitonzo chachiwiri. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, pansi pa ndemanga yoyamba ija panabwera ina: "Za zithunzi ndinanena zoona. Za mayiwa ndinalakwa. Ndapita, ndawaona, chikwama ndikuyenda nacho tsiku lililonse."

Anthu amene sakanakhulupirira mawu okoma chikwi anakhulupirira munthu amene anayamba watukwana. Foni inayamba kulira.

Tsiku limene lole ya simenti inafika, pakhomo pa kachipindako panali anamwino anayi akulimbirana chikwama chobiriwira, ndipo ena asanu ndi awiri anali ataitanitsa kudzera pa batani lija. Woyendetsa lole anafunsa kuti atsitsire kuti. Mlamu uja anayang'ana anamwinowo, n'kuyang'ana khoma lopachikapo zikwama lija, limene linayamba kuoneka njerwa zake.

"Kaikeni mu ofesi mwanga," anatero. "Ine ndizikhala pamatumba a simenti pomwepo."

Mayi Maloko anamutsatira mpaka pakauntala. "Alamu, ndili ndi mlandu. Ndinkaganiza kuti ndemanga ija munalemba ndinu."

"Ndinadziwa," anatero bamboyo akuseka. "Khosi lanu linkafika pafoni yanga inu musanafike."

Mwina mukufunsa ngati kasokedwe kaja sanamubere. Anamubera ndithu. Patangotha miyezi iwiri, wophunzira wake wakale anayamba kusoka matumba am'kati ofanana ndendende. Mayi Maloko zinamupweteka, ndisaname. Koma ogula ankabwerabe akufunsa kuti, "Kodi ndi pano pa mayi a misomali?" Chimene ankabisa zaka zonsezo chinabedwa m'miyezi iwiri, ndipo sichinamuphe. Chimene chinatsala pang'ono kumupha chinali kubisako.

Pachitseko pake maloko akadali atatu mpaka lero, poti chibadwa sichichoka ndi sopo. Ndemanga yomutcha wakuba nayonso ikadalipo, sanaichotse, ndipo mlendo aliyense pa tsambalo amayamba kuwerenga imeneyo.

Tsono inu amene tsamba lanu lili zii, musathamangire kusaka amene wakulodzani. Litseguleni lero ngati mlendo amene anaberedwapo kale, ndipo mudzifunse ngati mungatumize ndalama zanu kwa munthu ameneyo. Ngati yankho ndi ayi, jambulani katundu wanu weniweni, lembani mtengo, onetsani nkhope, ndipo amene wakutonzani mumuyankhe poyera. Wogula naye ali ndi maloko ake, ndipo satsegula ake inu musanatsegule anu. Yambani ndinu kutsegula, ndipo ikadutsa sabata foni osalira, osataya mtima.