Mizere Yofiira ya a Ndafika

Ku ofesi ankangowatchula kuti a Ndafika, ndipo dzinali anadzipatsa okha ndi zala zawo. Ntchito yawo inali yosamalira webusaiti ya kampani ina yotumiza katundu. Webusaiti ikavuta, anthu a ntchito imeneyi amatsegula konsolo, kawindo komwe pulogalamu imalembamo zomwe ikuchita, kuti aone pomwe yakodwa. Anzeru amalembamo uthenga womveka. A Ndafika analibe nthawi imeneyo. Pomwe akukayikira ankangoponyapo mawu akuti "ndafika", patsogolo pang'ono "ndafika 2", kwinako "ndafikanso", ndipo tsiku lina atapsa mtima analembapo "bwanji kodi iwe". Ankati adzafufuta mawa, koma mawa lakelo silinafike.

Zaka zikupita, konsolo yonse inasanduka chinenero cha munthu mmodzi. Iwo okha ndi amene ankadziwa kuti "ndafika 7" ikatuluka popanda "ndafikanso", ndiye kuti adiresi ya kasitomala yatayika panjira. Poyamba zinkawakomera, paja kufunidwa kumakoma. Kenako kufunidwako kunawamanga miyendo. Tchuthi ankachidya laputopu ili pamiyendo. Desiki yawo inali pakona, pafupi ndi makina osindikizira omwe ankawauzira mpweya wotentha kukhosi, ndipo pampando paja panachita kulowa dzenje lofanana ndi thupi lawo.

Akazi awo, omwe anali namwino, anasamutsidwira ku tawuni ina yakutali, napita ndi mwana wawo wamkazi. Mwamwayi kampaniyo inali ndi nthambi komweko. A Ndafika anagogoda kwa abwana.

"Bwana, ku nthambi kuja kuli malo, ndipo banja langa lili komweko."

"Ndikudziwa, achimwene," anatero abwana. "Koma mukachoka, zilembo zanu zija aziwerenga ndani? Zikonzeni kuti aliyense azimva, ine ndisaina kalata yokusamutsani."

Anagwira ntchitoyo ngati munthu wothyola chitseko cha ndende. "Ndafika" aliyense anamuzula, m'malo mwake nalemba uthenga wonena tsamba lomwe lavuta, zomwe pulogalamu inalandira ndi zomwe inkayembekezera. Anasiyanitsanso mitundu: zachizolowezi zoyera, zochenjeza zachikasu, zolakwika zenizeni zofiira. Malo ambiri omwe pulogalamu inkameza zolakwika mwakachetechete anawapatsa pakamwa.

"Mukudziphera dzina nokha," anawaseka mayi wa desiki yoyandikana nawo. "Tizikutchulani chiyani tsopano?"

"Muzinditchula kuti a Ndapita," anayankha, akumwetulira koyamba m'miyezi yambiri.

Tsiku loonetsa ntchito litakwana, abwana anaimirira kumbuyo kwawo, manja m'thumba. A Ndafika anatsegula konsolo. Kawindo konse kanafiira. Maadiresi otayika, katundu wolembedwa kawiri, makasitomala omwe fomu yawo inkafera panjira, zonse zinatuluka ndi mayina ake omveka bwino. Sizinali zatsopano. Zinalipo kuyambira kale, kungoti zinkabisala kuseri kwa mawu omwe palibe ankawamva.

"Ntchito yabwino kwambiri," anatero abwana, akuwerenga mosavuta ngati nyuzipepala. "Tsopano ngakhale ine ndikuona."

"Ndiye zosaina zija, bwana?"

"Mwaonatu nokha, achimwene. Amene akudziwa mizu ya zonsezi ndi inu. Zofiirazi zikatha tidzakambirana."

Abwana akulankhula choncho, mizere ina yofiira inkangotsika pansi pa inzake. A Ndafika ankadziwa kuti pa webusaiti yakale chonchi zofiira sizingathe.

Pa nthawi yopuma masana anatsikira pa masitepe a kuseri, pomwe netiweki imagwira, naimbira akazi awo. Asananene kanthu, mayiwo anayamba ndi chimwemwe.

"Abambo, mwana wanuyu wachotsa zidole zake zonse pa katebulo kaja. Akuti kompyuta yanu muziika pamenepo."

A Ndafika anayang'ana khoma.

"Muuzeni azibwezeretse kaye," anatero.