Babu Latsopano la Bambo a Buledi

Bambo oyandikana nafe amagawa buledi m'magolosale pa kanjinga kamoto, ndipo banja lawo lonse limadalira kanjingako. Amanyamuka kusanache. Masiku ano akumabwerako ndi mabala m'mawondo, koma amati vuto ndi nyali ya kanjingako. "Mababu a masiku ano ngachabechabe," amatero. Akazi awo akatchula za chipatala cha maso, amawakalipira.

Dzana ndinawaperekeza kwa makaniko, yemwe anawaikira babu lowala kwambiri la halojeni. Atangoliyatsa, ine ndinaphimba kumaso.

Bambowo anawerama pafupi ndi nyaliyo, osaphethira n'komwe.

"Kuwala kwake n'komweku? Mulibe lina loposa ili?"

"Palibenso, bambo," anayankha makaniko, akuyang'ana pansi.

"Basi, ndiziyenda nalo lomweli."

Anapapasapapasa polowetsa kiyi mpaka anapapeza, kenako analowa mumsewu.