Mabatani a jekete la Oweruza

Kuno ku Thyolo aliyense amawagwadira Oweruza athu. Mlandu wa mbuzi kapena wa ukwati amaudula bwino ndithu, jekete lili chitsegulire, mimba ikupitidwa mphepo. "Ine sindiyang'ana nkhope," amatero. N'zoona, amayang'ana kumapazi kuti aone wovala nsapato.

Jeketelo anapatsidwa ndi Mzungu wa esiteti ya tiyi. Ine ndaona kuti mlandu ukangonunkha tiyi, amamanga mabatani mpaka m'khosi, ndipo wathangata sapambana. Aneba athu a Lackson atadula mtengo wa pa esiteti wokonzera denga, Oweruza anamanga mabataniwo kapitawo wa Mzungu asanatsegule n'komwe pakamwa.

"Bambo, mundimve kaye," anadandaula a Lackson.

"Ndakumvani kale."

Nyumba ya a Lackson inagwetsedwa mvula ikugwa.

Mawa ndi ife. Bambo a mwana wangayu anajomba ntchito ya thangata pothamangira naye kuchipatala ku Boma. Lero ndinapita kwa Oweruza ndi nkhuku m'manja, mwana kumbuyo. Ndinapeza akazi awo pakhonde, jekete pamiyendo, ulusi kukamwa.

"Ika apo nkhukuyo, mwanawe," anatero. "Bambo atuluka. Angondiuza kuti mabataniwa ndiwalimbitse onse kusanade."