Masipika anayi pa ampulifaya ya alamu

Alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, anabwera kuchokera ku Halale ndi ampulifaya, bokosi lokweza mawu, atakulunga m'bulangete. Chinali chaka chimene mapaundi anasintha kukhala makwacha. Iwo anali mkamwini m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Naisi. Kwawo kunali ku Mulanje, ndipo kuno analibe m'bale ndi mmodzi yemwe. Ine ndinali ndi gitala ndi masipika awiri. Tinaphatikiza zinthu zathuzo n'kuyamba kuimba m'maukwati, moto tikutenga ku mabatire a galimoto.

Ine ndinkafuna phokoso. Ku Songani kunali gulu lina limene likaimba mawu ankaoloka mtsinje wa Domasi, ndipo anthu ankatiseka kuti ife timanong'ona. Titauzidwa kuti tikaimbe pa ukwati wa mwana wa atsibweni anga, ndinakabwereka masipika ena awiri.

Alamu atawaona anapukusa mutu.

"Achimwene, sizitheka. Sipika iliyonse apa muyeso wake wa moto ndi maomu eyiti. Awiri mukawamanga pa waya umodzi amatsika kufika folo. Anayi afika thuu. Ampulifaya iyi pansi pa folo imapsa."

"Eyiti ndi eyiti kukhala folo? Alamu, sukulu yanuyo munkaphunzira mutazondoka?"

"Nambala ikamatsika ndiye kuti katundu akulemera. Inu mukufuna njinga ikwere phiri la Zomba ndi matumba anayi."

Anandilozera zolembedwa kumbuyo kwa ampulifayayo. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwerenga, sukulu ndinadzalowa ndili kale ndi imvi, choncho ndinaona ngati akufuna kundichititsa manyazi.

Tsiku la ukwati, anthu atabwerako kutchalitchi dzuwa lili paliwombo, alamu anaitanidwa kuseri kukasenda mbuzi pamodzi ndi akamwini anzawo. Ndinatsala ndekha. Ndinasenda mawaya ndi mano, n'kupotera masipika onse anayi pamodzi.

Nyimbo ziwiri zoyamba zinagwedeza bwalo. Yachitatu, akwati akulowa chovina, mawu anayamba kusasa. Kenako fungo la mphira wopsa, utsi, zii.

Abale a mkwati anayamba kuseka. Wina anakuwa kuti, "Mudzi uno ngakhale nyimbo imathawa!" Atsibweni, amene anali atalawa kale, anabwera maso ali psuu.

"Wandivula pamaso pa alendo ndani?"

Alamu anafika akuthamanga, manja ali magazi a mbuzi. Anawerama, anaona mawaya aja, n'kudzutsa mutu kundiyang'ana. Ndinaona kuti pakamwa pawo pakutseguka.

"Ndi alamuwa!" ndinatero. "Ndinawaletsa ine!"

Ndinanyamula chitsulo choimikira maikolofoni n'kuwamenya nacho pakhutu. Sindinawamenye chifukwa cha mkwiyo ayi. Ndinkafuna asalankhule. Anagwera pa batire, n'kuyesa kudzuka, ndipo ndinawabwerezanso pakamwa. Mano awiri anagwera m'fumbi.

Azisuweni anga ataona kuti wayamba ndi ine, anabwera onse. Wina anathyola mpando pamsana pa alamu. Wina ankawaponda m'nthiti ndi nsapato zatsopano za ukwati. Akamwini anzawo anaima patali ndi mipeni yosendera, palibe anasuntha, poti aliyense ankadziwa kuti pamudzi pa eni ake mlendo salowerera. Alamu anadzipinda, magazi akutuluka m'khutu, n'kumangoti, "Achimwene, tanenani. Tanenani, achimwene." Ine ndinawaponda dzanja.

Anawaleretsa ndi mlongo wanga. Anadzigwetsa pamwamba pawo mwana ali kumbuyo, ndipo chibakera china chinamupeza iyeyo pachipumi.

Patapita masiku atatu atsibweni anaitanitsa banja. Anati mkamwiniyu anachita dala chifukwa cha kaduka, ndipo ngati zili choncho pamudzi pano sakhalapo. Alamu anakhala pansi, nkhope itatupa, mutu ataupendeketsa kuti amve ndi khutu lotsalalo. Anafotokoza za maomu aja, koma pakamwa popanda mano awiri aja mawu ankatuluka ophwanyika, ndipo anthu anaseka monga ndinasekera ine.

Atsibweni anatembenukira kwa ine. "Iwe unalipo. Anamanga mawaya ndani?"

Mlongo wanga anandiyang'ana. Ndikanangonena mawu awiri, mwamuna wake akanatsala. Ine akanandikalipira basi, mwana wa pamudzi sathamangitsidwa.

"Ndi iwowa," ndinatero.

Anawapatsa bulangete lawo. Anayenda wapansi mpaka pamsewu, akutsimphina, ndipo palibe anawaperekeza kupatula mkazi wawo. Alamu sanabwerenso. Ndinadzamva kuti anamwalira kwawo, khutu lija lisanatseguke.

Mlongo wanga sanandifunsepo kanthu. Anakhala zaka zonse nyumba yake itayang'anizana ndi yanga, akundipatsa moni m'mawa uliwonse mwaulemu ngati mlendo, ndipo ana ake sanadyepo m'nyumba mwanga.