Tsiku Lomwe Tinaika Amayi Ngati a ku Chipata

Ndinadzuka kusanache, nthiti zikuwawa chifukwa cha simenti. Mipando yonse tinali titaitulutsa m'nyumba ya amayi ku Matero, ndipo azimayi tinagona pansi mothithikana, aliyense atafunda chitenje chake. Unali mwezi wa Juni, mphepo ikulowera pansi pa chitseko. Panja azibambo anali atazungulira chitsa chimene chinayaka usiku wonse. A kwaya mawu anali atasasa, koma awiri ankakokabe nyimbo ya Chibemba pang'onopang'ono.

Ndinapita kuseri kwa nyumba kumene azimayi a mpingo ankakoleza mbaula ndi kudula kabichi. Ndili pomwepo foni inanjenjemera m'chitenje. Unali uthenga wochokera kwa mayi woyang'anira laibulale ya pachilumba cha Likoma, ku Malawi. Ankandiuza kuti a Lusiya, mng'ono wawo wa amayi, afika kale ndi ndodo yawo, akhala pakhonde, akudikira kumva maliro a mkulu wawo.

Amayi anabadwira pachilumbapo. Anachokapo ali mtsikana, kutsatira bambo athu amene anapeza ntchito ya njanji kuno, ndipo sanabwererenso. Potenga chitupa cha unzika, chimene kuno timangoti reji, analembetsa kuti ndi a ku Chipata, kum'mawa kwa dziko lino, monga anachitira ambiri masiku amenewo. Ife tinakula tikudziwa kuti mawu oti Likoma satchulidwa pakhomo pakakhala alendo.

Atayamba kudwala chaka chatha, bodzalo linayamba kuwalemera. Ankatchula maina a anthu amene sitinawamvepo. Ndinafufuza pa foni, n'kupeza kuti pachilumbapo pali kalaibulale kamene kamasunga zithunzi zakale ndi mawu a okalamba ojambulidwa, akufotokoza kuti uje anabala uje, uje anapita ku Joni, uje ku migodi. Ndinatumiza maina aja ndilibe chiyembekezo chilichonse. Patapita masabata, mayi uja ananditumizira mawu a gogo wina akutchula abale ake mmodzimmodzi, pomaliza n'kunena kuti, "ndi mkulu wanga Alesi, amene anakwera sitima n'kutchona." Amayi atamva anagwira pachifuwa, nati, "Ameneyo ndi Lusiya."

A Lusiya alibe foni, ndiye Loweruka lililonse ankapita ku laibulale, iwo ndi amayi n'kumacheza pa foni mpaka mayunitsi kutha. Amayi anandipempha chinthu chimodzi chokha: pa tsiku lowaika tidzanene poyera kwawo kwenikweni, ndipo mng'ono wawo adzamve ndi makutu ake. Ndinalonjeza, ndipo ndinauza mchimwene wanga Gidiyoni, amene monga woyamba kubadwa ndiye anayenera kuwerenga mbiri ya malemu.

Dzuwa likutuluka ndinamupeza kumbali kwa tenti akupukuta nsapato. Gidiyoni akufuna ukhansala m'dera lathu, ndipo anyamata a chipani chake anali atadzaza mabenchi, akumwa tiyi wa anamfedwa ngati anadziwana ndi amayi kuyambira kale. Ndinamukumbutsa za lonjezo lija. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Iwe Tamara, osayamba vinthu va ku Likoma pano," anatero. "Ba mami ni ba ku Chipata, ndiye vamene vili pa reji. Ufuna banthu bakambe ati ndine folena? Ona bamene babwela."

Ndinamuuza kuti mayi aang'ono adzakhala akumvetsera. Anayankha kuti tizaona, ndipo ine, mopusa, ndinatenga mawu amenewo ngati kuvomera.

Anthu anapitiriza kufika, ochokera ku Lilanda, ku George, ena ku Chawama kumene amayi ankagulitsa nsomba za kapenta kale. Tinakatenga thupi kuchipatala, tinapita kutchalitchi, anthu anaona nkhope. Amayi anaoneka aang'ono m'bokosi, atavala yunifomu yawo ya chigwirizano. Kenako tinakwera mabasi ndi malole kulowera ku manda a Chingwere, fumbi likutilowa m'kamwa tikamaimba. Pamanda panali maliro ena ambiri, nyimbo zikuwombana, mphepo ikuulutsa mapepala a maluwa a m'manda akale.

Dzenje litakwiriridwa, mkulu woyendetsa mwambo anaitana Gidiyoni. Ndinaimba foni ku laibulale, mayi uja anayankha motsitsa mawu kuti ali tcheru, ndipo ndinakweza dzanja kuti amve bwino. Gidiyoni anawerenga momveka, ngati ali pamsonkhano. Anati malemu anabadwira ku Chipata, anabadwa okha m'banja mwawo, anakhala mzika yokhulupirika ya dziko lino. Anatchula mpingo, anatchula msika, anathokoza anzake a chipani chifukwa cha malole. Dzina loti Alesi sanalitchule, anangoti Amake Gidiyoni mpaka kumapeto. Dzanja langa linali m'mwamba nthawi yonseyi, ndipo sindinadziwe kuti ndilitsitse kapena ayi.

Ndiye inafika nthawi yoika nkhata. Kuno amaitana magulu motsatana: ana, adzukulu, apongozi, a mpingo. Ine ndinali nditasunga duwa limodzi loyera kuti ndiike m'malo mwa a Lusiya. Mkulu uja anafuula, "Bamene banabadwa pamodzi na malemu, ngati balipo!"

"Kulibe," anatero Gidiyoni, mwachangu.

Ndinaimirira ndi kukuwa kuti alipo, ali ku Likoma, akumva. Koma pamaliro mwana wamkazi akakuwa, palibe amene amamvetsera mawu ake. Azimayi anandigwira m'mapewa, wina anandimanga chitenje m'mimba, wina ankandisisita msana akuti limba mtima, mwana. A kwaya anakweza nyimbo kuti andiphimbe. Foni inagwa m'fumbi, ndipo poitola ndinapeza itaduka. Duwa lija wina analitenga n'kupatsa mkazi wa tcheyamani wa chipani, amene anakaliika bwinobwino akujambulidwa.

Tikubwerera ku mabasi chinayamba chimbuya, nthabwala za pamaliro pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa. Mayi wina wa Chibemba woyandikana nafe nyumba anandithira ufa kumutu ndi kumaso, akuseka, akuti, "Imwe ba ku Chipata, bakudya mbeba, lelo muzatiziba!" Anthu anaseka, Gidiyoni anaseka kuposa onse, jekete lake litayera mbuu. Mayiyo ndi munthu wabwino, ndi amene ankandithandiza kusambitsa amayi akudwala. Koma ndinakwiya, chifukwa ngakhale ufa umenewo sunali wathu.

Kunyumba anthu anasamba m'manja pachipata, anadya, anayamba kubalalika. Anyamata a chipani ananyamula mabenchi awo. Gidiyoni anandidutsa kawiri osandiyang'ana, kenako anakwera galimoto ya anzake, akuti ali ndi anthu oti akumane nawo. Ine ndi iye tinayamwa bere limodzi, koma madzulo amenewo ndikanakonda akanakhala mlendo.

Kutayamba kuda, m'nyumba munatsala ine ndi azimayi achikulire awiri amene ankawodzera pakona. Ndinakhala pa mphasa ya amayi ndi kuimbanso foni ku chilumba. Mayi wa laibulale anali asanatseke, chifukwa a Lusiya anakana kuchoka pakhonde. Anandiuza mwaulemu kuti mwambowo anaujambula monga tinapangana, kuti ukhale pamodzi ndi mawu a banja lathu, koma sakudziwa ngati ausunge. Ndisanayankhe, ndinamva foni ikusintha manja.

"Mwanawe," anatero a Lusiya, mawu awo ali phee, "ndamva zonse. Mayi amene mwaika leroyo anali wopanda m'bale, Mulungu amulandire. Koma mkulu wanga Alesi mukadzamuika mudzandiuze, ndidzabwera kudzamvera."

Anabweza foni kwa mwini wake osadikira yankho langa. Ndinakhala pomwepo m'nyumba yopanda mipando, ufa udakali m'tsitsi, panja moto wa azibambo ukuzima wokha.