Masipuling'i Ofiira a Alamu Anga

Alamu anga ndi munthu woti mukawaponda phazi, opepesa amakhala iwowo. Ine ayi. Ine ukandiponda, msewu wonse umva mbiri ya mtundu wako. Mwina n'chifukwa chake timagwirizana: iwo amakhala duu, ine ndimawalankhulira, ngakhale asanandipemphe.

Pa siteji pamene amaimika njinga yawo yamoto kudikira okwera, anzawo amawatchula kuti Galasi, chifukwa akangotsitsa munthu amasolola kansanza n'kuyamba kupukuta magalasi. Anayambira kumata machubu a njinga zakapalasa pakhonde la sitolo ina. Palibe anawaphunzitsa, ankangoyang'anitsitsa manja a anzawo. Atagula yamoto, yakale, yotsokomola, anaiphwasula yonse pabwalo la nyumba n'kuimanganso, osatsala ndi bawuti m'manja. Zimandiwawa ndithu, chifukwa manja amenewo anayenera kukhala anga. Ine Mulungu anandipatsa pakamwa, ndipo ndimagulitsira malamba ndi masokosi pamphambano.

Anakwatira achemwali anga, oluka tsitsi mu saluni ya pafupi ndi msika. Achemwali ndi ochepa thupi, mphepo ikawomba kwambiri umafuna kuwagwira mkono. Koma mpando wakumbuyo kwa njingayo m'mawa ndi wawo, okwera ena adikire. Amakhala chammbali, chikwama pamiyendo, dzanja paphewa la amuna awo, n'kumadutsa akazi anzawo amene akupita kuntchito wapansi. Amanena okha kuti njinga ndi ya abambo, koma mpando ndi wawo.

Ndiye kunatulukira Mayi Belo. Amagulitsa zovala za kaunjika, ndipo thupi Mulungu sanawamane. Komanso sakwera okha, amakwera ndi belo lawo la zovala kumbuyo. Anapangana ndi alamu kuti aziwatenga tsiku ndi tsiku kuchokera kooda zovalazo kupita kumsika. Ntchito yabwino, yodalirika. Koma njinga inayamba kudandaula. Ikagwera m'dzenje, tayala lakumbuyo linkakhula madigadi, kweee, a pa siteji n'kumakuwa kuti, "Galasi, tsitsa mmodzi!"

Loweruka lina masana ndinawapeza alamu atakweza njinga pachipika, tayala lakumbuyo lili lende. Anali atamasula kale shoko imodzi, chitsulo cha sipuling'i chija chofewetsa madzenje. Panyuzipepala panali masipuling'i awiri atsopano, ofiira, onenepa ngati chala changa chachikulu.

"Mwabwera bwino, alamu," anatero. "Gwirani apa. Koma nkhope muike kutali."

Kumagalaja ali ndi chitsulo chopanira sipuling'i. Alamu alibe. Anatenga malamba awiri omangira katundu, aja okoka ndi chogwirira, n'kuwakoloweka pasipuling'i yakale, wina mbali iyi wina mbali iyo. Ankakoka pang'onopang'ono, uku pang'ono, uko pang'ono, kuti isapindike. Itafupika, kambale kogwira pamwamba kanamasuka, anakasolola, kenako n'kumamasula malambawo mwaulemu ngati akutsitsa wodwala. Chinthu chimenechi ukachichitira phuma chimauluka.

"Ikandimenya imeneyi ndikusumirani," ndinatero.

"Mukalankhula ndi chiyani kukhotiko? Mano akhala atapita."

Alamu amaseketsa kamodzi pachaka, ndipo tsikulo linali limenelo. Yofiira inavuta kupana, malamba ankalira, ine thukuta kamukamu, koma inalowa. Tinabwezera shoko, kumanga mabawuti, n'kuchita chimodzimodzi mbali inayo.

Mlandu unabwera pa kuyeza. Pansi pa sipuling'i iliyonse pali mphete ya mano ngati makwerero, imene umaipotokola ndi sipanala yokhota ngati mbedza. Ukaikweza njinga imalimba, ukaitsitsa imafewa. Kuti udziwe poyenera, pamafunika cholemera chikhale pampando, iwe n'kuona mmene njinga yatsikira. Munthu wanzeru zapakhomo akanaika matumba a mchenga. Alamu anga, pofuna zinthu zenizeni, anaimbira foni Mayi Belo.

"Alamu, mutu ukuyenda?" ndinafunsa. "Pakhomo pa achemwali?"

"Nanga si ndiwo azikwera?"

Anabwera mayi aja, atadzola mafuta onunkhira mpaka kumsewu, akuseka asanalowe n'komwe pageti. Tinatsitsa njinga pachipika, ine ndinagwira mahandulo, iwo n'kukhala pampando. Alamu anagwada pafupi ndi tayala, kamtengo ndi choko m'manja, akulemba pamene madigadi afika.

"Tadzigwedezani pang'ono, mayi."

Anadzigwedeza. Njinga inatsika mofatsa n'kubwerera.

"Iii, a Galasi, lero ndiye mwandiyalira matiresi!"

Mawu amenewo anakumana ndi achemwali pageti.

Sanakuwe. Bola akanakuwa, ine ndikanadziwa powathandizira. Anapereka moni bwinobwino, anafunsa za malonda, kenako anati, "Tatsikani mayi, nanenso ndilaweko matiresiwo."

Anaika chikwama pansi n'kukhala pampando wawo. Njinga siinamve kanthu. Ngati pagwera tsamba.

"Abambo, yatsika?"

Apa mwamuna aliyense wofuna moyo akananama. Ine ndinawatsinzinira diso mpaka linawawa. Alamu anayang'ana kamtengo kawo, anayang'ananso.

"Siinatsike."

"Ndiye kuti njinga imeneyi sikundidziwa," anatero achemwali, n'kutsika.

Pamenepo ine ndinapsa. Ndinawauza alamu kuti mutu wawo ndi wa mabawuti okhaokha. Ndinawauza Mayi Belo kuti kumsika kuli sikelo, akafuna kudziyeza azipita kumeneko, asamadzayezedwe m'makomo a eni. Iwo anati anachita kuitanidwa, ndipo pakamwa panga m'pofunika sipuling'i, n'kutuluka akupukusa mutu. Ndinkati ndiwatsatire, koma achemwali anandigwira malaya.

"Iwe, khala chete. Banjali si lako."

Lolemba achemwali anakwera monga mwa masiku onse. Kamwala kalikonse kankawafika pamsana, chifukwa masipuling'i olimbira munthu ndi belo samvera munthu wopepuka. Anafika ku saluni atagwira chiuno. M'mawa mwake sanakwerenso. Anatuluka ndi chikwama chawo n'kulowa m'gulu la akazi aja oyenda pansi, amene anawalandira ndi ulemu wopweteka: "Iii, asisi, lero mwatikumbukira?" Alamu ankabwera pambuyo pang'onopang'ono, mapazi akukhula pansi, mpando uli mbee. Ndinaona ndi maso anga ndili pamphambano, ndipo ndinalephera kuitanira malonda.

Ndinapita ku saluni kukalankhula ndi achemwali. Ndinawapeza akuluka mutu wa munthu, akukoka tsitsi mwamphamvu moti mwini mutu ankangoti mayo, mayo.

"Achemwali, alamu ndimawadziwa. Munthu uja sayang'ana mkazi. Mukamuikira mkazi ndi injini, apatsa moni injini."

"Ndani wanena kuti akuwafuna?"

"Nanga vuto n'chiyani?"

"Anagwada," anatero, osandiyang'ana. "Anagwada pansi pabwalo panga, ndi choko, kuyeza thupi la mkazi wina kuti asamve dzenje. Ine ndakwera njinga imene ija kuyambira ikutsokomola. Ndaikankha pamvula. Anandiyezapo liti?"

Mwini mutu uja ndiye anayankha kuti, "Musawalekerere, asisi," ngati wina wamufunsa.

Alamu nawo anali atafota. Kuchotsa masipuling'i ofiira kunali kutaya Mayi Belo ndi ntchito yawo yodalirika. Kuwasiya kunali kuyenda ndi mpando wopanda mwini. Anaganiza, anaganiza, kenako anandipeza pamphambano.

"Mphete ija imabwerera, alamu. M'mawa ndizitsitsa, ifewe. Ndikawatula ku saluni ndizikweza. Madzulo chimodzimodzi. Mukawauze."

"Mukawauze nokha! Pakamwa mulibe?"

Koma ndinapita nawo, chifukwa akanapita okha akanayamba kufotokoza za mabawuti. Achemwali anamvetsera atapinda manja. Kenako anatuluka panja, anakhala pampando, n'kunena kuti, "Gwadani."

Alamu anagwada pakhomo la saluni, akazi onse ali pawindo, ena tsitsi lili theka. Anatsitsa mphete dzino limodzi. Achemwali anadzigwedeza n'kupukusa mutu. Anatsitsanso. Mpaka pa dzino lomaliza, njinga inatsika pang'ono, pang'ono zedi, koma inatsika.

"Yatsika?"

"Yatsika, mayi."

"Chabwino. Ndionetseni mmene mumapotokolera."

Anawaonetsa pokoloweka mbedza ndi kokankhira. Achemwali anayesa, sipanala inapulumuka n'kuwathyola chikhadabo, anayesanso mpaka mphete inati khethe. Kenako anaipukuta sipanalayo n'kuiponya m'chikwama, pakati pa zipeso.

Mpaka lero imakhala mmenemo. M'mawa achemwali akatsika pa saluni amanjuta okha, n'kukweza mphete mbali zonse ziwiri, kenako amamenya mpando kuti, "Pitani, mukatenge katundu wanu." Tsiku limene alamu awalakwira kunyumba, amangotsika n'kulowa, chikwama chili chotseka. Tsiku limenelo mphete sikwezedwa, njinga imagwada pansi pa Mayi Belo, ndipo alamu amazemba dzenje lililonse ngati anyamula mazira.

Zimenezi zimandinyansa, chifukwa alamu ndi anga nawonso. Tsiku lina ndinawakokera pambali.

"Alamu, sipanala ngati imene ija ili m'sitolo iliyonse ya sipeya. Ndikugulirani ine, muzibisa pansi pa mpando."

"Ndikudziwa kumene imapezeka," anatero. "Koma ndikakhala ndi yangayanga, m'mawa ndizinyamula ndani?"