Mwanapiye wa Ambuye ndi ulusi wofiira

Chaka chomwe bambo akunyumba anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndinachita pangano ndi Mulungu. Thadzi langa linali litakhalira mazira kuseri kwa nyumba yathu ku Chikamveka. Ndinagwada pambali pa bedi lawo n'kunena chamumtima kuti akatuluka akuyenda okha, mwanapiye woyamba kutuluka m'dzira adzakhala wa Ambuye, ndipo ndidzakamupereka kutchalitchi pa Sabata la masika. Bambo anatuluka. Anapiye nawo anatuluka, asanu ndi anayi.

Anapiye a tsiku limodzi amafanana, ndipo sindinafune kudzanamiza Mulungu ngakhale mosadziwa. Ndinatenga ulusi wofiira wa nayiloni, wotsala pa juzi yomwe ndinkaluka, n'kumanga woyambayo kuphazi. Anzake anayamba kuujompha, poti nkhuku ikaona chofiira siidutsa. Ndiye ndinaukweza pamwamba pa bondo, n'kumanga mfundo ziwiri. Nthenga zitamera zinauphimba. Apo n'kuti ndikumuzindikira kale ndi khosi lake lakuda, ndipo za ulusi zinachoka m'mutu mwanga.

Kutatsala milungu itatu kuti masika afike, chiperoni chinatsika m'phiri n'kukuta tauni yonse. M'mawa umenewo ndinamwaza madeya, anapiye asanu ndi atatu anathamangira, wa Ambuye anangokhala pansi pa mpapaya, phiko limodzi lili lende, maso atatsinzina.

Bambo anatuluka atafunda bulangete, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Ndinene pano kuti adokotala anali atawaletsa mchere, mafuta ndi nyama yofiira, ndipo anali atatha miyezi iwiri akudya masamba owiritsa. Nkhuku iliyonse yodutsa pabwalo ankaiperekeza ndi maso.

"Chitopa ichi, mayi," anatero. "Bweretsani mpeni nyama isanawonongeke."

"Mpeni pa nkhuku ya Ambuye?"

"Ambuye salandira yofa yokha. Ine ndikungowachepetsera ntchito."

"Nkhuku imeneyi ndi yothokozera kuchira kwanu, bambo."

"Ndiye ikalowa m'thupi lomwe linachiralo pali cholakwa?"

Ndinaika mwanapiye wodwalayo m'katoni kukhitchini n'kuyamba kumuchiza ndi zonse zomwe ndinamvapo kwa anthu. Ndinasinja tsabola wa kambuzi n'kumudontheza kukamwa. Anayetsemula, koma sanadzuke. Masana ndinamupatsa madzi a phulusa, madzulo madzi a alovera. M'mawa mwake ndinatsegula kapusozi wotsala m'kabati n'kumuthirira theka m'madzi akumwa. Ndinamuwerengeranso salimo, motsitsa mawu kuti bambo asamve. Mumtima ndinkadzifunsa ngati Mulungu wakana nsembe yanga monga anakanira ya mlimi uja wa m'Baibulo yemwe anadzapha mbale wake, ndipo ndinafufuza machimo anga a mwezi wonse osapeza lokwana kupha nkhuku. Panthawi yonseyi bambo anali pakhonde, akunola mpeni pasitepe pang'onopang'ono, ati unali wobuntha kale.

Tsiku lachitatu kunabwera mnansi wathu wa kuseri kwa mpanda, mayi wachisilamu yemwe amagulitsa nkhuku mumsika waukulu. Sanakhale n'komwe pampando.

"Achemwali, ndamva kuti kuno kwagwa chitopa. Mwandibisiranji? Nkhuku zanga zonse zimagona kuseri kwa mpandawu. Ngati n'chitopadi, ameneyu aphedwe lero lomwe, akwiriridwe."

"Akwiriridwe?" anafunsa bambo, n'kusiya kunola.

Ndinabweretsa katoni ija. Mayiyo anakwinya manja a diresi, n'kuyamba ndi chitosi cha m'katonimo. Anati cha chitopa chimakhala chobiriwira, chamadzimadzi, koma ichi chinali chabwinobwino. Anamutsegula mlomo, kumvetsera kupuma, kupapasa chithokomiro, kutembenuza khosi uku ndi uku.

"Enawo akudya?"

"Akudya."

"Chitopa sichisankha mmodzi ngati ufumu. Mwamumwetsa chiyani?"

Ndinatchula zonse, kuyambira tsabola mpaka kapusozi.

"Ndiye ngolimba ameneyu. Mwamukoleretsa kale, kwangotsala anyezi ndi tomato."

"N'zomwe ndakhala ndikunena," anatero bambo.

Kenako anamuimika pansi. Mwanapiye anaponda ndi mwendo umodzi n'kugwa cham'mbali. Mayiyo anamunyamula, n'kuuzira nthenga za pantchafu. Mwendo unali utatupa, wotentha, ndipo m'kati mwa mnofu munali mzere wofiira wolowa ngati waya pamtengo.

"Wamanga ndani uyu?"

Bambo anasuzumira, nkhope n'kusintha. "Ulusi wofiira, mfundo ziwiri. Mwaona, mayi? Anthu sanakondwe kuti ndachira. Zimenezi si zamasewera, tiitane abusa."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Akanaitanidwa abusa, ndipo mwina akanakayikiridwa munthu wosalakwa. Ndinatsokomola.

"Musaitane munthu, bambo. Mfiti yake ndine. Ulusiwo ndi wa juzi yomwe mwavalayo."

Mnansi wathu anaseka mpaka anakhala pansi pasitepe. Anapempha lezala yatsopano, n'kudula ulusi uja mosamala, kutsuka bala ndi madzi ofunda amchere. Anandilamula kuti ndisamupatsenso china chilichonse kupatula madzi oyera ndi madeya onyowa. Potuluka anatembenuka.

"Kwathu nyama ya nsembe siyenera kukhala ndi chilema. Kwanu n'chimodzimodzi?"

"Chimodzimodzi," ndinayankha mwamanyazi.

Mwanapiye anadya tsiku lomwelo. Patatha sabata ankathamanga ndi anzake, koma motsimphina, ngati kholo lija linalimbana ndi mngelo. Mawu a mneneri odzudzula opereka nyama zopunduka sankandichoka m'makutu, ndipo wopundula ndinali ine.

Loweruka lomaliza masika asanafike, bambo anabwera ndi nzeru. Anagwira tambala wamng'ono wonenepa mwa anzake aja, n'kundionetsa.

"Uyu alibe chilema. Ndamusankha ine, akhale wa Ambuye m'malo mwa winayo. Wotsimphinayo titsale naye, tione chochita."

"Mwanena kuti uyu akhale wa Ambuye?"

"Ndanena."

Ndinalowa m'nyumba kukatenga Baibulo, n'kutsegula kumapeto kwa buku la malamulo a nsembe, pomwe pamanena za munthu wosinthanitsa nyama yomwe anaipatula kale. Ndinawapatsa magalasi awo kuti awerenge okha. Lamulo lake ndi lakuti munthu akasinthanitsa, zonse ziwiri zimakhala zopatulika, yoyambayo ndi yolowa m'malo mwake. Anawerenga kawiri, n'kutembenuza tsamba kuona ngati nkhaniyo ikupitirira. Siinapitirire.

"Zimenezi si za chipangano chakale?"

"Chakhumi nachonso n'cha komweko, koma munachilalikira bwino mwezi watha kumapemphero a kumlaga."

Sabata m'mawa tinatsetsereka kupita kutchalitchi, ine ndi lichero la chimanga pamutu, bambo atavala jekete lawo, nkhuku imodzi m'khwapa lililonse. Miyendo yake sindinalole kuti imangidwe ndi chingwe, choncho anazigwira okha mpaka kuguwa. Masana tinadya nkhwani wowiritsa, wopanda mchere, ndipo pemphero la chakudya anapereka ndi bambo. Linali lalifupi.